Etta ndi Mathithi a ku Minoo

Etta Thawale amawadziwa mapaki ozungulira mzinda wa Osaka kuposa anthu ambiri amene anapitako. Akhoza kukuuzani sitima yoyenera kukwera, siteshoni yotsikira, ndi sabata imene masamba amafiira. Koma ku Japan sanapondeko. Mukamufunsa chifukwa chake amangoti, "Amene anapita ndi Maureen," n'kuyamba nkhani ina.

Etta anabadwira ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Bambo ake ankanyamulira alendo katundu pokwera phiri, iye n'kumagulitsa mapeyala ndi nanazi pachipata pamene alendowo ankasiya magalimoto. Kutali kumene anafikako ali mtsikana ndi pa Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi amagwa kuchokera pathanthwe n'kudikha pansi, ozizira ngati a mufiriji. Pamwamba penipeni sanafikepo, chifukwa kwawo ankati kumeneko n'kwa amuna ndi azungu. Atamaliza Folomu 4 anagwira ntchito ya zaumoyo, kuyeza ana kusikelo, mpaka anakwatiwa ndi Biswick, amene anapeza malo a sukulu ku London. Etta anamutsatira mu 2006. Ukwati unatha mwana wawo wamkazi asanayambe n'komwe sukulu. Biswick anasamukira ku Leicester, Etta anatsala ku Lewisham ndi mwanayo, chipinda chimodzi, ndi mapepala okhalira m'dziko ofunika kuwonjezera zaka ziwiri ndi theka zilizonse. Ntchito imene yamudyetsa zaka zonsezi ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo.

Kwa a Nishida, ku Blackheath, ejense yomupezera ntchito inamutumizako mu 2021. Anali bambo a zaka 83 ochokera ku Japan, amene anabwera ku London m'ma 1970 kudzagwira ntchito kukampani ya zombo, n'kukwatira mzungu, n'kukhaliratu konkuno. Akazi awo anali atamwalira, sitiroko inali itawapha mwendo ndi mkono wakumanzere, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Stephanie, ankakhala ku Reading ndi banja lake. Osamalira atatu anali atasiya kale. Sikuti ankalalata ayi. Ankangokhala chete tsiku lonse, mpunga ukafewa kwambiri n'kukankha mbale ndi chala chimodzi, osanena kanthu.

Etta anapirira. Anaphunzira kutsuka mpunga mpaka madzi ayere, kudikira kuti madzi owira azizireko asanathire pa tiyi wobiriwira, ndi kuvula nsapato pakhomo ngakhale akuthamanga. Masana, kukapanda mvula, ankawakweza pa wilitcheya n'kuwakankha mpaka ku Greenwich Park. Miyezi isanu ndi iwiri inatha mawu awo ali atatu okha: zikomo, ayi, ndi kwazizira.

Tsiku lina mu Novembala, ali pansi pa mitengo ikuluikulu ya m'pakiyo, Etta analankhula mongodzisangalatsa yekha.

"Taonani masamba kukongola, bambo."

"Amenewa si masamba okongola," anatero a Nishida. "Ndi masamba odwala."

Etta anaima, anazungulira wilitcheya n'kuwayang'ana kumaso. "Okongolawo ali kuti?"

"Ku Minoo."

Ndiye anayamba kufotokoza, pang'onopang'ono, pakamwa pakulemera. Minoo ndi chigwa cha kumpoto kwa Osaka, ulendo wa theka la ola pa sitima. Ukatsika, umatsata mtsinje chokwera, pansi pa mitengo ya masamba onga kachikhatho ka khanda, imene kwawo amati momiji. Kumapeto kwa Novembala chigwa chonse chimafiira psuu. Amayi a m'mbali mwa njira amakazinga masamba omwewo mu ufa wotsekemera n'kumagulitsa m'timapepala. Kumathero kwa njira kuli mathithi a mamita 33. Mayi awo ankawatengera kumeneko nkhondo itangotha, ndipo iwonso anadzatengerako akazi awo atangokwatirana, koma mzunguyo anadandaula nsapato njira yonse.

"Mathithi okha musandiwopseze nawo," anatero Etta. "Kwathu kuli Dziwe la Nkhalamba."

"Dzi... chiyani?"

Anawamasulira tanthauzo lake m'Chingerezi. A Nishida anati, "Ndiye kuti ndi langa limenelo." Anamuuza kuti abwereze dzinalo, iwo n'kumatsatira, mpaka lilime linalola. Kuyambira tsiku limenelo, akakhala awiriwiri, mathithi a kwawo aja sankawatchulanso kuti Minoo. Ankati Dziwe la Nkhalamba.

Etta anagula kope la chikuto chobiriwira. Zimene bambowo ankanena, ankalemba. Analemba za Nara, kumene agwape amayenda pakati pa anthu n'kumaweramitsa mutu popempha bisiketi. Analemba za phiri la Rokko, limene umakwera pa kangolo kokokedwa ndi chingwe, ukafika pamwamba n'kuona doko lonse kumene iwo anayambira ntchito. Analemba za paki ya pa nyumba yachifumu yakale pakati pa Osaka, yozunguliridwa ndi ngalande za madzi. Pa basi yobwerera kunyumba ankafufuza malowo pa foni, n'kumawonjezera zimene bambowo anaiwala kapena zimene zinasintha: masiteshoni okhala ndi lifiti, njira za tala, zimbudzi zolowa wilitcheya. Sikuti ankaganiza zodzapitako. Zinkangomupatsa chokambirana ndi munthu amene anthu atatu anamulephera, ndipo zimenezo ankazinyadira.

Maureen anabwera mu 2023, ndipo anamubweretsa ndi Etta yemweyo. Ankapemphera tchalitchi chimodzi ku Lewisham. Maureen anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Marondera ku Zimbabwe, agogo ake atachokera ku Dedza kalekale, ndipo anabwera ku London ndi mayi ake ali ndi zaka 16. Anali wamng'ono kwa Etta ndi zaka zisanu ndi ziwiri, wamtali, woseka mokweza, wa Chichewa chosakaniza ndi Chishona. Ejense itafuna munthu wa Loweruka ndi Lamlungu, Etta anapereka dzina lake, n'kumuphunzitsa zonse, kuyambira mpunga mpaka kagonekedwe ka mkono wakufa uja.

Lolemba lina Etta atalowa m'nyumba anapeza a Nishida akung'ung'udza nyimbo ya tchalitchi ya Chishona. Lolemba lotsatira anamuuza kuti Maureen anapsereza mpunga, ndipo ankaseka pofotokozapo. Etta anaima pa sinki, madzi akutayika. Zaka ziwiri anali asanawamvepo akuseka chonchi, ndipo iye akanapsereza mpunga mbale ikanakankhidwa. Anadzitonthoza kuti kuseka n'kwa wina aliyense, koma nkhani za kwawo amauza iye yekha.

Chaka chotsatira mutu wa a Nishida unayamba kutaya zinthu. Ankafunsa akazi awo kuti abwera liti. Ankatchula Stephanie dzina la mlongo wawo. Tsiku lina kutawacha bwino anauza mwana wawoyo kuti, "Ndikufuna ndikaone kwathu ndisanaiwale kuti ndi kwathu." Dokotala analola, koma anati asachedwe. Stephanie anasankha masabata awiri omaliza a Novembala, ndipo anafuna wosamalira mmodzi woti apite nawo.

"Palibenso wina, Etta," anatero ali kukhitchini. "Ndi inuyo. Malo onsewa mukuwadziwa kuposa ine."

Etta anapita ku mashopu a ku Lewisham kukagula nsapato zoyendera mtunda, zotuwa, za zingwe zachikasu. Anauza mwana wake ku yunivesite. Anauza azimayi a kutchalitchi, ndipo anamupempherera. Anaimbira ngakhale mchimwene wake ku Likhubula, amene anati, "Mwana wa wonyamula katundu, nawenso ukakhala mlendo wokaona mapiri a eni."

Chimene sanachiganizire ndi mapepala. Chilolezo chake chinkatha mu Seputembala, ndipo anali atapempha kale chatsopano mu Ogasiti. Mlangizi wa za mapepala amene ankamuthandiza anamuuza mosazungulira kuti akatuluka m'dziko yankho lisanabwere, pempho lake lifera pomwepo, ndipo kubwerera kudzavuta. Etta anadikira Seputembala yense, Okutobala n'kulowa, bokosi la makalata lili ndi mabilu okhaokha. Anapempha Stephanie kuti aimitse ulendo mpaka Epulo, nthawi ya maluwa.

"Ndikanakonda," anatero Stephanie, "koma mwamva zimene dokotala ananena. Pofika Epulo mwina sadzadziwa n'komwe kuti ali m'ndege. Ndalankhula ndi Maureen. Pasipoti yake ndi ya kuno, safunika viza."

"Mwalankhula naye kale?"

"Dzulo. Anati ndiyambe ndakufunsani inu."

Etta anati palibe vuto. Anamwetulira mpaka masaya anawawa.

Kutatsala sabata imodzi anakumana atatu patebulo la kukhitchini kuti Etta apereke ndondomeko. Kope lobiriwira sanabwere nalo. Anabwera ndi mapepala anayi amene anakopera ndi dzanja: nthawi za mankhwala, zakudya, Nara, Rokko, paki ya pakati pa mzinda, sitima iliyonse ndi lifiti yake. Stephanie anawerenga mpaka kumapeto, n'kubwereranso.

"Nanga Minoo? Ndili mwana bambo ankaitchula kwambiri. Ndinapitako kamodzi, koma ndinali ndi zaka zinayi."

Etta anali atadziwa kuti funsoli libwera, koma anali asanadziwe chimene adzayankhe. Anayang'ana Maureen, amene anali kulemba manambala a mapiritsi pa foni, milomo ikuyenda.

"Kumeneko wilitcheya singafike," anatero. "Ndi masitepe okhaokha. Mungokawavutitsa."

"Chabwino, tisiye," anatero Stephanie, n'kupinda mapepala.

Potuluka, ali pakhomo kuvala nsapato, Maureen anamugwira mkono.

"Asisi, ndikudziwa kuti ulendowu unali wanu. Mukati ndikane, ndikana."

"Ukane kuti apite ndi ndani? Pita."

"Ndiye ndipemphe chimodzi. Nsapato munagula zija, saizi yathu ndi imodzi. Ine zanga zonse ndi za kuntchito."

"Ukatenge Lamlungu kutchalitchi," anatero Etta.

Ananyamuka Lachinayi. Ejense inapatsa Etta mayi wina wa ku Catford woti amusamalire masabata awiriwo. Stephanie anatsegula gulu la pa WhatsApp n'kumuikamo, poganiza kuti akumuchitira zabwino. Chifukwa cha kusiyana kwa nthawi, zithunzi zinkafika m'mamawa, Etta akumwa tiyi. Anaona a Nishida pansi pa khoma la miyala ikuluikulu imene iye ankaidziwa ndi kukula kwake komwe. Anaona Maureen pamwamba pa Rokko, manja atatambasula, doko lili kumbuyo. Anaona gwape atalowetsa mphuno m'thumba la jekete la Maureen, a Nishida akuseka mano onse kunja. Ndipo pa chithunzi chilichonse, kunsi, panali zingwe zachikasu.

Ankakulitsa zithunzizo ndi zala kufunafuna cholakwika, ndipo ankachipeza. "Chipewa chawo chili kuti? Kukuoneka mphepo," analemba pa gulu. Tsiku lina: "Mkono wakumanzere usamalendewere choncho." Maureen ankayankha, "Zikomo asisi, ndakonza." Kuyankha kofatsako kunkamupsetsa mtima kuposa mwano.

Lamlungu kutchalitchi azimayi anali ataziona kale zithunzizo, poti Maureen ankaziikanso pa sitetasi. Mayi wina anati, "Koma Maureen Mulungu amamukonda. Ntchito yake yomweyi yopukuta nkhalamba, taonani kumene yamufikitsa." Wina anatembenukira kwa Etta: "Paja si inu munkati mukupita?" Etta anati mapepala anachedwa, n'kupita kukathandiza kutsuka makapu, ntchito imene sinali yake sabata imeneyo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi zithunzi sizinabwere. M'malo mwake foni inalira cha m'ma seveni m'mawa, Etta ali m'basi yopita ku Catford. Anali Maureen, mawu ali otsika.

"Asisi, zinthu sizili bwino kuno. Kuyambira dzulo akukana kudya. Mankhwala ndikuchita kuwanyengerera. Tikati tiwatulutse akugwira chitseko. Ndiye pali mawu akungobwereza, Stephanie akuti si Chijapani. Ine ndikumva ngati Chichewa."

"Akuti chiyani?"

"Akuti dziwe la nkhalamba. Ine Chichewa changa n'cha ku famu, koma dziwe si madzi? Tawasambitsa kawiri. Tawatengera pa dziwe la nsomba la pa hotela pano, angotembenuza nkhope. Kapena akudzinena okha kuti akalamba? Munawaphunzitsa ndinu mawu amenewa?"

Basi inaima pa malobodi. Etta anamva kachisangalalo kamene anachita nako manyazi. Anali kutali chonchi, ndi agwape awo ndi mapiri awo, koma chimene nkhalamba inkalira chinali m'manja mwake.

"Sindikudziwa," anatero. "Mwina atopa. Uwapatse msuzi wotentha."

"Chabwino asisi."

M'mawa wonse anagwira ntchito ngati munthu wobwereka thupi. Anasambitsa mayi wa ku Catford uja, anamupesa, anamuphikira phala la oats. Pomudyetsa, mayiyo anatseka pakamwa pa supuni yachitatu, ndipo Etta anayamba kuwerengera mumtima. A Nishida akadumpha chakudya masiku awiri, lachitatu amadzuka ndi chizungulire. Piritsi lawo loyera likalowa m'mimba mopanda kanthu amasanza. Akasanza madzi amatha m'thupi, ndipo chaka chatha zimenezo zinawagoneka m'chipatala masiku asanu ndi limodzi. Palibe amene ankazidziwa bwino zimenezi kuposa iye, chifukwa ndi iye anakhala pambali pa bedi masiku onsewo.

Nthawi ya nkhomaliro anatuluka panja, anakhala pa kakhoma ka njerwa, n'kulemba kwa Maureen yekha, osati pa gulu:

"Akunena Minoo. Kwerani sitima ya Hankyu pa Umeda, musinthe pa Ishibashi, mutsike pomalizira. Njira ndi ya tala mpaka ku mathithi, makilomita osakwana atatu, yokwera pang'onopang'ono. Wilitcheya imafika. Uwauze lero lomwe kuti mukupita, adya."

Analembanso kuti, "Za masitepe zija ndinanama." Anaziyang'ana, n'kufufuta, n'kulemba, "Za masitepe zija ndinasokoneza ndi malo ena." Anatumiza. Yankho linabwera la mawu awiri: "Zikomo asisi."

M'mawa mwake, cha m'ma sikisi, akusita yunifolomu, foni inalira ya vidiyo. Atayankha, choyamba kumva chinali mkokomo wa madzi. Kenako chithunzi chinakhazikika, ndipo anaona kufiira kumene anakhala akukuwerenga zaka zitatu, kuchokera m'mphepete mwa mtsinje mpaka kumwamba kwa chigwa, ndi mzere woyera wa madzi ukugwa pakati pake. Stephanie anatembenuza foni. A Nishida anali pa wilitcheya pafupi ndi kamlatho kofiira, chipewa chili kumutu, kapepala ka masamba okazinga kali pamiyendo, akutafuna. Dzanja lawo lamoyo linali litagwira dzanja la Maureen.

"Bambo, onani, ndi Etta," anatero Stephanie. "Ndi amene watiuza njira."

A Nishida anayang'ana foniyo nthawi yaitali. Kenako anaweramitsa mutu mwaulemu, monga ankachitira kwa munthu wobweretsa katundu pakhomo, n'kutembenukira kwa Maureen.

"Tawaonetsa madzi alendowa," anatero.

Maureen anatenga foni n'kuilozetsa ku mathithi. Etta anayang'ana mpaka anamva fungo la nsalu ikupsa. Anati akuchedwa ku shifiti, n'kudula.

Atabwerako, a Nishida anamuzindikira bwinobwino. Atangomuona pakhomo anati, "Etta, kwazizira," ngati sanachoke. Maureen anamubweretsera kabokosi ka masamba okazinga aja ndi nsapato zake, zochapa, zidendene zitadyeka. Etta anayambiranso ntchito yake ya Lolemba mpaka Lachisanu. Zambiri za ulendowo bambowo anaziiwala msanga, agwape ndi phiri lomwe, koma tsiku limodzi lija linakhala. Ndipo chimene chinafufutika m'mutu mwawo ndi chakuti Etta anamvapo za malowo.

"Etta," ankatero pafupifupi masana alionse, "ukudziwa kuti kufupi ndi Osaka kuli mathithi? Amati Minoo. Maureen ananditengerako. Ndi mwana wamphamvu, anandikankha njira yonse. Udzapiteko tsiku lina, umufunse Maureen akuuze njira."

"Ndidzamufunsa, bambo."

Nthawi zina ankayesa kuwakumbutsa. "Si Dziwe la Nkhalamba limenelo?" Iwo ankamuyang'ana modabwa, n'kufunsa kuti ndi chilankhulo chanji. Mawu amene anagwira nawo chitseko cha hotela anali atawagwiritsa ntchito n'kuwataya.

Chilolezo cha Etta chinabwera mu Januwale. Anawerenga uthengawo kawiri ali m'khitchini ya a Nishida, n'kupitiriza kutsuka mpunga.

A Nishida anamwalira mu Epulo ndi chibayo, Loweruka, pa shifiti ya Maureen. Etta anamva pa foni. Mwambo utatha, anthu anasonkhana m'kaholo kena ku Blackheath, ndipo patebulo la kutsogolo Stephanie anaikapo chithunzi chachikulu cha bambo ake ali pa mathithi. Anali atachidula kuti aoneke okha, koma dzanja la Maureen linatsalamo, lili paphewa pawo. Polankhula, Stephanie anathokoza onse awiri. Anati, "Etta, amene anasamalira bambo zaka zinayi, ndi Maureen, amene anawafikitsa kwawo." Anthu anaomba m'manja kamodzi, kwa onse awiri, koma pa tiyi achibale ochokera ku Japan anazungulira Maureen, akumuweramira. Kwa Etta kunabwera mayi mmodzi kudzafunsa kumene kuli shuga.

Pobwerera anakwera basi imodzi yopita ku Lewisham. Maureen anakana kukwera pamwamba, ndipo pokhala pansi anagwira chitsulo ndi manja awiri, nkhope itakwinyika.

"Asisi," anayamba Maureen, "za masitepe zija simunasokoneze."

Etta anayang'ana pawindo.

"Ndinadziwa musanalembe n'komwe kachiwiri. Munthu wodziwa mpaka siteshoni yosinthira sangasokoneze tala ndi masitepe. Ndipo titafika, agogo a pa mawilitcheya anali mbwee njira yonse."

"Unamuuza Stephanie?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Akanauza ejense. Munthu anakhala masiku awiri osadya, asisi. Mukudziwa zimene akanakuchitani, ndipo mapepala anu anali asanatuluke."

Etta anafuna kunena zikomo, koma mawuwo anakana. Zinamuwawa kuti ngakhale pamenepa Maureen ndi amene anachita zabwino.

"Mukuganiza kuti ndinakasangalala," anapitiriza Maureen. "Zithunzi zija ndi mphindi imodzi imodzi. Masabata awiri ndinkagona pa kabedi pafupi ndi iwo, akadzuka kasanu ndidzuke kasanu. Ku Nara gwape anandiluma pantchafu. Tsiku la mathithilo, njira mukuti yokwera pang'onopang'ono ija, kakankheni munthu wa makilo 70 mudzandiuze. Tili pakati anadziipitsira. Ndinawasintha ndekha m'kachimbudzi, Stephanie ali panja akulira. Titayandikira kumapeto ndinamva kanthu kakuduka kumsana kuno. Mathithiwo ndinawaona mwina mphindi khumi, misozi ili m'maso, ndipo sinali ya chisangalalo. Mpaka lero ndikupita ku fiziyo, kukawongola msanawu. Andiuza kuti ndisiye kunyamula anthu."

Anaima kaye, akudikira. Etta anadziwa kuti apa mpofunika kupepesa, kapena kumva chisoni, ndipo chisonicho anachimvadi pang'ono. Koma chimene chinatuluka ndi chimene chinali pansi penipeni.

"Ngakhale msanawo ndinkaufuna ine."

Maureen anamuyang'ana. Basi itafika pa siteshoni ya Lewisham, Etta anatsika koyamba, n'kutembenuka kumupatsa dzanja kuti atsike bwino. Maureen analilandira. Kenako wina analowera ku sitima, wina ku msika.

Mu Juni ejense inamupatsa Maureen ntchito ya mu ofesi, yokonza ndandanda ya mashifiti, poti kunyamula anthu sangathenso. Tsopano Lachisanu lililonse Etta amalandira ndandanda yake kuchokera kwa iye. Amamupatsa nyumba zapafupi, za basi imodzi, ndi okalamba oyenda okha. Azimayi anzake amati ali ndi mwayi kukhala ndi mnzake mu ofesi. Etta sanaganizebe ngati ndi ubwino kapena chisoni, ndipo sanafunse. Kutchalitchi amapatsana moni, amafunsana za ana, Maureen amakhala kutsogolo ndi a kwaya, Etta kumbuyo pafupi ndi chitseko.

Sabata yatha ndandanda inabwera ndi dzina latsopano, bambo wina wa ku Lee wa zaka 90, amene osamalira awiri amukana kale. Pansi pake Maureen analemba kuti, "Awa ndi ovuta, asisi. Mukafuna ndipatse wina." Etta anayankha kuti ayamba Lolemba, n'kufunsa nambala ya basi.